Kwaya ya ku Odzi

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuifotokoza, koma poti mpingo wonse unaona ndi maso, palibenso chimene ndikubisa. Khalani pansi mumve m'mene bambo wa imvi ngati ine ndinachitira manyazi chifukwa cha dzina la foda ya mu foni.

Ine ndine Mbewe. Ndinabadwira mu komboni ya antchito a pa pulazi ku Odzi, bambo anga anachokera ku Mchinji wapansi. Mapulazi, minda ikuluikulu ya azungu ija, atatengedwa ndinabwera kuno ku Mutare, ndipo mpaka lero ndimasamalira maluwa pa nyumba ina ku Greenside. Sukulu ndinaiona pang'ono, ngati m'mene munthu amaonera mudzi ali mu kombi, minibasi ya kuno. Koma mutu ulipo. Nyimbo ndikaimva kamodzi ndimakumbukira amene anandipatsa, tsiku lake, ndi malaya amene anavala.

Mwana wanga Tendai atandigulira foni ya tachi ndi memore khadi, ndinapeza ntchito yachiwiri. Anthu ena nyimbo zawo zimangokhala mbwee, ngati tomato wa pa msika madzulo. Zanga ayi. Sungura payokha, rumba payokha, za ukwati, za kwathu ku Malawi, za Mulungu. Za Mulungu ndinali nazo zambiri kuposa aliyense mu mpingo, motero Lamulungu lililonse tikaweruka foni yanga inkayenda m'manja mwa anthu, uyu akutenga pa Bluetooth, uyu akudikira. Ine ndinkangoima pambali, manja kumbuyo, ngati mwini sitolo.

Vuto linali foda imodzi.

Malume anga atamwalira ku Odzi kunatuluka gule, chifukwa iwo tchalitchi ankachionera patali. Ine ndinaima kumbuyo ngati mkhristu, koma dzanja linakweza foni lokha. Ndinajambula mawu okha, nyimbo khumi ndi ziwiri: ng'oma, m'manja, ndi amayi anga akutsogolera nyimbo ndi mawu awo aja okhala ngati a mtsikana. Chaka chotsatira amayi anatisiya. Mawu awo kwina kulikonse kulibe, ali m'menemo basi.

Tsono foni yoyenda m'manja mwa akhristu singakhale ndi foda yolembedwa kuti gule. Ndinaganiza, ndinaganiza, n'kulemba kuti "Kwaya ya ku Odzi". Nzeru zanga zinali zoti anthu a m'tauni amanyoza za ku mapulazi, palibe angatsegule. Ndipo kwa zaka zinayi palibedi anatsegula. Ndinkadziona wochenjera.

Kenako kunabwera abusa atsopano, ochokera ku Malawi kwenikweni. Ife tikamayankhula iwo ankapendeketsa mutu ngati wailesi ikusokosera, poti Chichewa chathu kuno chinadzaza Chishona. Nthawi yomweyo dzina langa linali litalowa pa mndandanda wa oti akhale akulu a mpingo. Zaka makumi awiri ndikukoka mabenchi, tsopano mpando wa kutsogolo unali pafupi. Jekete ndinali nditagula kale.

Tsiku lina titaweruka abusa anandiitana.

"Bambo Mbewe, ndamva kuti nyimbo zili kwa inu."

Ndinawapatsa foni ndi manja awiri. Chala chawo chinatsika, chinatsika, n'kuima.

"Ku Odzi kuli kwaya?"

"Ilipo, abusa."

"Imaimba Chichewa?"

"Chenicheni. Chishona mulibe ngakhale dontho."

Maso awo anawala. "Timveko imodzi."

Ndinalanda foniyo mwaulemu. "Batire, abusa. Nyimbo za ku Odzi zimadya batire kwambiri."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine pakamwa panga pakatseguka sipadziwa njira yobwerera. Anafunsa kuti alipo angati, ndinati makumi atatu. Anafunsa wotsogolera, ndinatchula Jailosi, msuweni wanga, mwana wa malume aja, munthu amene m'tchalitchi analowamo kamodzi kokha, pothawa mvula. Ndinawonjezanso kuti gululo likayamba kuimba, anthu amakwera m'mitengo kuti aone bwino. Chimenecho chokha sichinali bodza.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, abusa anaimirira akumwetulira.

"Abale, pa tsiku lodzoza akulu a mpingo tidzakhala ndi alendo. Bambo Mbewe atibweretsera kwaya ya kwawo ku Odzi, anthu makumi atatu, oimba Chichewa cha makolo."

Tchalitchi chonse m'manja. Amayi a mpingo pomwepo anayamba kunong'onezana, uyu mpunga, uyu nkhuku, uyu kabichi. Akazi anga anatembenuka kumbali ya azimayi kuja n'kundiyang'ana. Sanaphethire.

Tili m'njira anayamba.

"Bambo a Tendai, ine ku Odzi ndinakhalako zaka khumi ndi zisanu. Kwaya imeneyi inkaimba ndili kuti?"

Ndinawauza zonse.

"Dilitani fodayo, mukawauze abusa kuti kwayayo inapasuka."

"Muli amayi m'menemo."

Tinayenda pang'ono. Kenako anati, "Ndiye musadilite. Koma nkhuku ziwiri zimene andiuza kuti ndibweretse mukasaka nokha."

Kuyambira pamenepo mtendere unatha. Aliyense ankafuna za ku Odzi. "A Mbewe, tiponyereni tiziphunzira, alendo asadzatichititse manyazi." Ndinati memore khadi yagwidwa vairasi. Foni yomwe inkayenda m'manja mwa anthu inayamba kugona m'thumba lamkati. Fodayo ndinaisamutsa, ndinakaibisa m'kati mwa rumba. Kenako ndinaganiza kuti abusa akadzapeza kwaya ikukhala m'nyumba ya rumba ndidzayankha chiyani? Ndinaibwezanso. Ndinayesa kuisintha dzina, koma dzina linali litatuluka kale mu foni, linali pa bolodi la zolengeza.

Kutatsala masabata awiri ndinapita kwa abusa ndi nkhope ya maliro.

"Abusa, kwaya ija siibwera. A kwayamasitala adwala. Miyendo yatupa."

"Zoona? Ndiye mawa tipite tikawapempherere. Galimoto ilipo."

Ndinati msewu wake ndi woipa. Anati iwo anakulira ku Dedza, misewu yoipa amaidziwa. Ndinati matendawo mwina ndi opatsirana. Anati kutupa miyendo sikupatsirana. Ndinatuluka n'kuimbira Jailosi kuti ndimupangire, koma foni yake imakhala yozima, amakaitchajitsa kwa anthu a magetsi a sola kamodzi pa sabata, ndipo tsiku lake silinali limenelo.

M'mawa tinanyamuka, ine ndi tayi, abusa ndi Baibulo. Njira yonse ndinkapemphera kuti tayala liphulike. Matayala anali atsopano.

Jailosi tinamupeza ali pamwamba pa balani ya fodya akukhoma malata. Atationa anatsetsereka n'kudumphira pansi ndi miyendo iwiri, yowonda ngati mipini ya makasu. Abusa anayang'ana miyendoyo, n'kuyang'ana ine.

"Achira, abusa," ndinatero. "Pemphero lanu lafika ife tisanafike."

"Asuweni, lero mwabwera ndi tayi?" anatero Jailosi. "Mwadzafunsira mbeta kwa yani?"

Anapereka moni kwa abusa, anatulutsa mipando, akazi ake anabweretsa madzi. Ndinayesa kumukokera kuseri, koma abusa anali atayamba kale.

"Bambo, ndamva mbiri ya gulu lanu. Tikulifuna ku tchalitchi kwathu."

"Gulu liti?"

Ndinamutsinzinira diso mpaka tsaya linawawa. "Lija la mu foni mwanga, asuweni. Loimba lija."

"Oo, lija la pa maliro a bambo!" Nkhope yake inachita kuwala. "Ku tchalitchi? Koma dziko lasinthadi. Abusa, inu ndiye munthu. Mukufuna zilombo zingati? Nanga pabwalo panu ndi pa dothi kapena pa simenti? Pa simenti sizivina bwino."

Nkhuku inadutsa pakati pathu, yopanda mlandu ndi munthu. Ndinaisirira.

Abusa anamwa madzi awo mpaka kutha, anathokoza, anati nkhaniyi tikaiganizira. Jailosi anatiperekeza ndi maungu awiri, ndipo galimoto ikunyamuka ankakuwabe kuti timuuziretu tsiku, ng'oma zimafuna kuwamba pa moto.

Tinayenda mtunda ndithu mu msewu wa fumbi. Titalowa mu tala abusa anati, "Lumikizani foniyo ku wailesi. Foda ija."

Batire inali full, ndipo iwo anaiona.

Ng'oma zinadzaza galimoto. Kenako m'manja, kenako mawu a amayi. Ine ndinayang'ana panja, kuwerenga mitengo.

"Akutsogolerawa ndani?"

"Amayi anga, abusa. Anatisiya."

Anamvetsera mpaka nyimbo inatha.

"Musadzaidilite," anatero. "Koma wa ng'oma yotsogolerayo akuthamanga, akuwasiya anzake."

Ndinawayang'ana.

"Paja ndinati ndinakulira ku Dedza. Bambo Mbewe, za ng'oma tidzakambirana tsiku lina. Mlandu wa lero ndi anthu makumi atatu amene munawalenga ndi pakamwa, n'kuwatupitsanso miyendo. Ukulu wa mpingo udikire chaka china."

"Ndamva, abusa. Ndiye ndikawauze anthu kuti kwaya siibwera?"

"Ibwera. Mpingo unalonjezedwa."

"Ibwera bwanji, abusa?"

"Inu simunabadwire ku Odzi?"

Tsiku lija linafika. Tchalitchi chinadzaza, ena anachokera ku mipingo ina atamva za alendo. Anzanga atatu anagwada kutsogolo, anadzozedwa, anakhala pa mipando ija. Kenako abusa anati, "Tsopano tilandire kwaya ya ku Odzi."

Mitu yonse inatembenukira ku khomo. Ndinadzuka ine pa benchi, ndekha, n'kuyenda mpaka kutsogolo. Anthu anapitiriza kuyang'ana ku khomo. Mayi wina anachita kundikankha ndi dzanja kuti ndikumutchinga.

Tsono pali chinthu chimene mpingo sunkadziwa. Ine nyimbo ndimasunga, sindiimba. Zaka zonsezi ndinkangogwedeza milomo. Mawu anga ali ngati geti la dzimbiri. Ndinayamba nyimbo ya m'buku pamwamba kwambiri, vesi lachiwiri ndinagwera m'chitsime, lachitatu khanda lina linayamba kulira. Akanakhala munthu woiwala bwenzi ataima pamenepo, koma ine ndi mutu wanga uja mavesi onse asanu ndi limodzi ndinawakumbukira. Abusa ankandiombera m'manja pang'onopang'ono kuti ndisathamange. Akazi anga anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Nditamaliza, mkulu wina wokalamba anati "Ameni", osati wa chisangalalo, koma wa munthu amene dzino lamuzuka.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma titaweruka ndinaona anthu aunjikana panja, mafoni m'manja, uyu akutenga, uyu akudikira, ine osandiitana. Mai Moyo, amene amakhala benchi yachiwiri, anabwera kwa ine akupukuta misozi, foni atatambasula. Anali atajambula kuyambira vesi loyamba.

"A Mbewe, inu paja nyimbo zonse muli nazo. Koma iyi yatuluka lero, mulibe. Yatsani Bluetooth ndikuponyereni."

Tsono inu a mafoni, foda muziipatsa dzina loti abusa akaliitana, mutha kubwera nalo.