Mphale m'Maondo pa Chinkhoswe cha Tadala

Anzanga, inu mumandidziwa, ine si mayi wamba ayi. Folomu 4 ndinamaliza, ndipo Bayoloje ndinkakhoza moti aphunzitsi ankawerengera kalasi yonse pepala langa. Ndiye zimene ndinachita pa chinkhoswe cha mwana wanga Tadala musaziseke kwambiri, zinali za sayansi.

Vuto linali maondo. Nyamakazi inandigwira kalekale, ndipo zitunda za kuno ku Dowa sizimvera munthu chisoni. Tsono asewere, makolo a mnyamatayo, akubwera kuchokera ku Malomo, m'boma la Ntchisi, ine mayi wa mtsikana ndiyenera kukagwada n'kuwalonjera, kenako n'kudzuka ndekha bwinobwino. Kudzukako ndi kumene kunkandisowetsa mtendere. Ndidzuke mochita kukokedwa pamaso pa anthu a ku Ntchisi? Ine?

Tadala amaphunzira za mulabotale, ndiye nditamudandaulira pa foni anati, "Amayi, nyamakazi yanuyo ndi asilikali a m'thupi amene asokonezeka, akumenya maondo anu omwe, n'chifukwa chake amatupa. Komatu mabakiteriya akatenthedwa amapanga mapuloteni ena odzitetezera, ofanana ndi amene thupi lathu limapanga. Mapuloteni amenewo nthawi zina amakhazika asilikali aja mtima pansi, kutupa n'kuchepa, nthawi zina amawaputa. Akatswiri akufufuzabe."

Ine ndinati akatswiriwo azifufuza, chinkhoswe sichidikira. Mabakiteriya ndi moto basi? Zonsezo ndili nazo pakhomo pano! Kuseri kwa khitchini kunali ndowa ya mphale yoviika, yotsala pa ufa wa chinkhoswe, itachita thovu n'kumanunkha chowawasa. Nanga chimawawasitsa mphale n'chiyani ngati si mabakiteriya? M'mawa wa tsikulo ndinaisinja, ndinaifunditsa pamoto, ndinaithira m'majumbo awiri, n'kubowola timabowo kuti mankhwala azilowa, kenako n'kumanga pa maondo ndi nsanza. Pamwamba diresi latsopano lofika kumapazi.

Abambo a Tadala anakweza mphuno. "Amayi, kodi m'nyumba muno mwafa chiyani?"

"Inu abambo, valani jekete. Zinazi n'zakuya."

Kunena zoona kufundako kunkakoma, moti ndinakauza azimayi amene ankaphika kuti lero muona kugwada kwa mtsikana. Koma nditangotuluka pabwalo, ntchentche zinayamba. Kenako nkhuku zanga, imodziimodzi, kunditsata pambuyo. Mayi wina anafunsa, ine ndinati ziweto zimadziwa mwini wake. Apo n'kuti ndikuyenda chotangadza ngati ndakwera bulu wosaoneka, majumbo akulira fwa fwa m'diresi, ine ndikutsokomola kuti anthu asamve.

Alendo anali atakhala kale, amuna pamipando, akazi pamphasa, ankhoswe a kuchimuna atapanira tambala wa mwambo m'khwapa. Ndinafika pamaso pa mayi a mnyamatayo, ndinamwetulira, n'kutsitsa bondo loyamba.

Phwa!

Phala loyera linatumphuka pansi pa diresi n'kukagwera pa nsapato zawo. Munthu wanzeru akanaima pomwepo, eti? Ine ndinati mwambo ndi mwambo, ndinatsitsa lachiwiri. Phwa! Amayi inu! Nkhuku zonse zinakhamukira pa ine, tambala uja anapulumuka m'khwapa mwa ankhoswe n'kudzalowa nawo phwando, ankhoswewo ali mu suti akumuthamangitsa mondizungulira, Tadala atabisa nkhope m'chitenje. Ine chigwadire, mutu uli m'mwamba.

"Mwayenda bwanji, asewere?"

"Tayenda bwino, kaya inu," iwo akutero uku akudziletsa kuseka. "Koma asewere, pepanitu, mukudontha."

Ndinati ndidzuke msanga ndithawe. Bondo linaterereka pa phala lija, ndinayesanso, linatererekanso, nyamakazi nayo ili pomwepo, sinasunthe n'pang'ono pomwe. Apo asewere anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Maondo anganso ndi omwewo, achemwali. Gwirani phewa langa, ine ndigwire lanu." Tinadzuka chokokana, wina akubuula uku wina uku, bwalo lonse likuomba m'manja ndi nthungululu ngati tavina bwino. Ine ndinayamba kuseka mpaka misozi, nanga n'kutani?

Nditafotokoza za mabakiteriya, Tadala anangogwira mutu. Koma asewere anapukuta nsapato zawo, anatembenukira kwa abale awo, n'kunena mokweza kuti, "Anthuni, mtima wanga wakhala pansi. Mwana wanga sadzagona ndi njala pakhomo pano. Apongozi ake amayenda ndi ufa m'maondo!"

Chichokereni tsikulo, za maondo ndimakanena kuchipatala, ndipo mphale ikachoka m'ndowa imapita kuchigayo basi, ndalumbira. Koma nkhuku zija sizinandikhulupirirebe. Mpaka lero ndikangoti ndiwerame, zimabwera chothamanga.