Tsiku limene ndinabereka chikwama cha Limbani

Senderani kuno, senderani! Anaphiri, siyani lichero limenelo, mpunga suthawa. Inu kumbuyoko, chete! Lero woyankhula ndine, ngakhale kuti pakamwa pomwepa ndi pamene panandipachika. Ndatopa nawo mafunso anu. Ndikapita kuchigayo, "Galimoto ya Limbani yatani?" Ndikapita kumjigo, "Bwanji Limbani masiku ano akupalasa njinga?" Ndinena kamodzi kokha, wosamva akafunse mnzake.

Limbani mukumudziwa, mdzukulu wanga, mwana wa malemu Esinati. Amuna anga a pakhomo pano amenewo, ndinawalera ndine chiyambire akukwawa. Pano ali ndi mkazi ndi ana awiri ku Zomba, ndipo onsewo amadya za kagalimoto koyera kaja. Ntchito yake ndi iyi. Munthu ali phee mu ofesi, njala yamugwira. M'malo mosonkha moto ngati munthu, amadina foni. Foni ya Limbani imalira, tiriri tiriri! Iye liwiro kulesitilanti, kutenga tchipisi ndi nkhuku, kuika m'chikwama chofiira chachikulu ngati bokosi, kukamupatsira mlesiyo pakhomo. Amati ndi apu. Musandifunse kuti apu n'chiyani, ine sindinaione ndi maso, koma imalipira.

Tsiku limenelo anandiperekeza kuchipatala kutauni, mawondo angawa. Pobwerera, foni tiriri tiriri.

"Anganga, pali aphunzitsi ena ku Domasi konko aitanitsa chakudya. Njira ndi imodzi, tingowatengera."

Tinatenga. Chikwama anachikhazika pamiyendo panga. Fungo lake, abale! Ine chidzukireni m'mimba muli madzi omwera mankhwala basi. Titafika pa Naisi, mbuzi ya munthu wina wosaopa Mulungu inadumphira mumsewu. Limbani khwiii! Kukhotetsa! Galimoto mu ngalande, mphuno yake pa mtengo wa mango, phuu! Mbuzi inangotiyang'ana n'kupitiriza ulendo wake. Ife sitinavulale, koma chikwama chinatseguka, tchipisi mpaka mu duku, ntchafu ya nkhuku pachifuwa panga apa. (Ndinadya. Mukanatani inu? Inali itagwa kale.)

Lole ina inatikokera kuno ku Malemia, galimoto n'kuisiya pansi pa mpeyala paja. Limbani anakhala pakhonde, mutu m'manja.

"Anganga, mvetserani bwino. Galimoto iyi ili ndi inshuwaransi."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Chaka chilichonse ndimapereka ndalama kukampani, kuti ikadzaphwanyika iwo adzakonzetse."

"Ngati chopereka cha maliro chija cha kumpingo?"

"Eya, koma maliro a galimoto."

"Ndiye ukulira chiyani? Abwere adzakonze."

Anakanda mutu. "Inshuwaransi ilipo mitundu iwiri. Ina ndi ya galimoto yongoyendera, kupita kutchalitchi, kunyamula agogo ako. Ina ndi ya galimoto yogwirira ntchito, yokwera mtengo. Ine ndinalipira yotchipayo, ndimati ndidzasintha zinthu zikayenda. Akangodziwa kuti ndinanyamula chakudya cha kasitomala, sapereka olo tambala. Ndipo yokonzetsera ndekha ndilibe."

"Ndiye ndiname? Ine? Wa yunifolomu yoyera ya kumpingo?"

"Osanama ayi. Timachokera kuchipatala, si zoona?"

"Zoona."

"Muthere pomwepo. Chipatala, mbuzi, mtengo. Mawu atatu basi, anganga. Chonde."

Chikwama anachibisa pansi pa bedi langa. Masiku anayi ine kuloweza ngati katekisimu. Posesa, chipatala, mbuzi, mtengo. Kubafa, chipatala, mbuzi, mtengo. (Koma chikwama chija n'chanzeru, ndikuuzeni. Mkati mwake muli chinsalu chonyezimira. Ndinkaikamo mbatata m'mawa, masana kuitulutsa ikadali ya moto.)

Lachisanu kunabwera bambo wa kukampani. Wochepa thupi, taye pakhosi, nsapato zosongoka zosadziwa matope a kuno, kabuku m'manja. Anazungulira galimoto, kujambula ndi foni, kugwada, kusuzumira kunsi. Kenako anatembenukira kwa ine, mawu ake ofewa ngati abusa atsopano.

"Agogo, inu munali momwemo?"

"Chipatala, mbuzi, mtengo."

"Pepani, mwati?"

"Chipatala. Mbuzi. Mtengo."

Limbani thukuta kamukamu. Koma bamboyo anangoseka, n'kulemba. "Zamveka, mayi. Apa sindikuonapo vuto."

Mwamva? Zinali zitatha! Ndinali nditapambana! Akanangonyamuka pomwepo, bwenzi lero ndikukudutsani pagalimoto, fumbi kobo.

Koma mlendo amachoka pakhomo pa munthu kukhosi kuli gwa? Amayi anga akanadzuka kumanda kudzandimenya. Ndinati, "Limbani, thamangira kugolosale ukagule zoziziritsa kukhosi."

Iye kundiphethira diso. "Anganga, abwana akufulumira."

"Iwe, pakhomo pano ndi pako? Nyamuka!"

Ananyamuka akucheuka ngati mbuzi yopita kumsika. Ndine ndinamuthamangitsa, ndi pakamwa pomwepa.

Atangopotera kuseri kwa nthochi, anatulukira Anangondo. Inde, omwewo a kutsidya kwa mpanda, amene lero sanabwere chifukwa akudziwa chimene anachita. Ine ndi iwowo tinayamba kupikisana tili atsikana. Mwana wawo ndi kalaliki kuboma, ndipo iwowo satha kukupatsa moni osamutchula. Anagwada, kupereka moni kwa mlendo, n'kuyang'ana galimoto.

"Iii, yatha eti? Ndi mmene zimathera galimoto za chibwana. Mwana ameneyu, abwana, sagwira ntchito. Amangozungulira m'tauni kuwotcha mafuta. Wanga uja ndiye ali mu ofesi, pampando wozungulira."

Ndinaluma mlomo. Mumtima: chipatala, mbuzi, mtengo.

"Oo," anatero bamboyo, "ndiye kuti a Limbani ali pa ulova?"

"Lova weniweni! Amadyera agogo akewa. Mpunga wonse wa pakhomo pano umathera iyeyo. Mudzi wonse ukudziwa."

Abale anga, china chake chinaduka m'mutu muno, ndinachita kumva kuti thi!

"Lova ndani? Limbani wanga? Mwana wodzuka mbandakucha, wodyetsa tauni yonse ya Zomba? Anangondo, mwana wanu wa pampando wozungulirayo amadya chakudya chobwera ndi ndani? Dikirani pomwepo!"

Mawondo anaiwala kupweteka. Ndinalowa m'nyumba, kukoka chikwama pansi pa bedi, kutuluka nacho, kukhuthulira mbatata pamkeka, kuchibereka kumsana ngati khanda. Ndiye ndinawaonetsa. Dzanja kukhutu chonchi.

"Tiriri tiriri! 'Halo, kasitomala, ndafika pageti!' 'Zikomo achimwene, chikadali cha moto!' Vuuu, kwina! Tiriri tiriri! 'Halo, madamu, pitsa yanu ija!' Vuuu! Tsiku lililonse! Ngakhale Lamulungu ndimachita kumukalipira kuti puma, mwana iwe!"

Ndinazungulira bwalo lonseli kawiri, nkhuku kubalalika.

Bamboyo anafunsa mwaulemu, "Ndi galimoto yomweyi, agogo?"

"Nanga ili ndi inzake?"

"Ndipo tsiku la ngozi lija?"

Apa ndiye pamene mngelo anandigwira phewa, ndinamumva ndithu. Koma ndinayang'ana Anangondo, ali mlomo piringu, ati hmm, bodza.

"Tsiku lomwelo! Chikwama chili pamiyendo panga pano, aphunzitsi akudikira ku Domasi! Nkhuku yake ndinadya ndine, kafunseni pa Naisi, anandiona!"

Cholembera cha bamboyo chinkathamanga ngati chikuthawa galu.

Kumbuyo kwanga ndinangomva phwaa! Kucheuka, Limbani. Mabotolo pansi, thovu kuyenderera m'fumbi. Anangondiyang'ana, ine chikwama kumsana, dzanja likadali kukhutu. Nkhope imeneyo ndinaiona komaliza tsiku limene tinaika amake. Ndinatsitsa dzanja pang'onopang'ono, n'kunena chapansipansi, "Chipatala... mbuzi..."

"Mtengo," anamalizitsa Anangondo, n'kukutumula chitenje, ulendo kwawo. (Ndiye kuti masiku onse aja ankandimvera kuseri kwa bafa, mfiti ya munthu.)

Bamboyo anatseka kabuku. "A Limbani, pepani. Pepala lanu ndi la galimoto yongoyendera. Yonyamula zakudya za makasitomala inshuwaransi yake ndi ina, ndipo mukudziwa. Ndikanakonda kukuthandizani, koma zimene zalowa m'khutu sindingazitulutse."

Ndinayesa, musati sindinayese. "Bambo, ine ndine wokalamba. Mutu umandisokonekera. Mankhwala a mawondo aja amayankhulitsa zinthu."

"Agogo, pa mboni zonse zimene ndakumana nazo pantchitoyi, palibe wofotokoza bwino ngati inu."

Ndinamuthirira mpunga m'kathumba kuti anyamule. Anakana, ati zioneka ngati chiphuphu. Chibadwire changa, mlendo woyamba kukana mpunga wa pakhomo pano.

Ndiye galimoto ndi imeneyo mukuionayo, nkhuku yanga yakuda ikuikira mazira pampando wa dalaivala. Limbani anabwereka njinga ya alamu ake. Zitunda za Zomba mukuzidziwa, mwana watha, masaya alowa, makasitomala akumukalipira kuti akuchedwa. Ine mpunga wa chaka chino ndagulitsako kuti makaniko ayambe ndi kutsogoloko. Limbani ndamuuzanso kuti ikadzadzuka akalipire inshuwaransi yoyenerayo, chifukwa ine zoloweza mawu atatu ndalephera, ndakalamba nazo.

Mwina mukuti ndaphunzira kutseka pakamwa. Kaya. Usiku ndimadandaula, inde, tulo sitibwera. Koma ndikaganiza za Anangondo akunena kuti lova pamaso pa mlendo, ndimamva msana kuyabwa, ukufunanso chikwama. Pano mudzi wonse ukudziwa kuti Limbani wanga amagwira ntchito. Kungoti alibe chogwirira.

Dzulo Limbani anabwera kudzaona makaniko. Ndinamuphikira, anadya. Pochoka ndinamuperekeza mpaka pamsewu, mawondo akulira.

"Amuna anga, mwandikhululukira?"

Anabereka chikwama, kukwera njinga, kupalasa. Ine ndili chiimire, mtima uli m'mwamba. Atafika pakamlatho paja anaima, phazi limodzi pansi, n'kucheuka. Anakuwa, a kumjigo onse akumva:

"Anganga! Tsiku la chiweruzo mukadzandiona pamzere, chonde, musadzanene kuti mukundidziwa!"