Jeradori ndi Bisha ya Miyala

Lolemba
Mapilya, timabatire ta wailesi, atha. Ndawayanika padzuwa, ndawaluma, ndawawiritsa. Zii.
Loweruka masana wailesi ya ku Malawi imawerenga mauthenga a othawa nkhondo. Mkazi wanga Ernestina ndi mwana wathu Lurdes anawoloka malire cha ku Tsangano chimanga chisanache, mpaka lero osamva kanthu.
Maganizo: m'chipinda cha katundu muli jeradori yomwe anasiya mzungu wa fodya. Ndiidzutse, idzaze batire ya thalakita yomwe inafera pabwalo pano, batireyo iyankhulitse wailesi. Papepala zikuoneka zanzeru. Zanga zonse zimaoneka zanzeru papepala.

Lachiwiri
Jeradoriyi imwa chiyani?
– gazolyo, dizilo uja: ali ndi asilikali okha
– parafini: Furancungo yonse inaiwala fungo lake
– mafuta a nsatsi: buku la ku yunivesite likuti n'zotheka
– kachasu: akutero mai Filomena a nyumba yoyandikana nane. "Amadzutsa amuna anga, alephere chitsulo?"
Ine ku Maputo ndinaphunzira za nthaka. Koma anthu amanditchula enjenyero, ndipo sindinawatsutsepo. Ndasankha buku.

Lachitatu
Mai Filomena akazinga nsatsi, asinja, ayenga. Jeradori yatsokomola kawiri, yalavula utsi, yagonanso.
Masana kwa sarjento. Ndalama sakuzifuna, kulibe chogula nazo. Maso ali pa jekete langa la ukwati. "Dotolo, anthu ophunzira mumamvanso mphepo?"
Ndabwera ndi gazolyo wa pansi pa chigubu, manja ali m'khwapa.

Lachinayi
Yalira! Ndaima pambali pake ngati ndabereka ndine.
Chomwe sindinaganize: kuno injini ikalira ndi zinthu ziwiri, nkhondo kapena kamyao, lole ya chakudya. Ena athawira kuphiri ndi mbuzi zawo. Otsalawo abwera kwa ine ndi madengu.
Pa bisha, podikira kulandira zinthu, munthu saima tsiku lonse, amaika mwala pamzere kuti umusungire malo. Miyala yayambira pakhomo panga mpaka pa mabulugama.
Ndikuwauza kuti mulibe kanthu muno. Gogo wina: "Onse amayamba n'kutero, mwanangu."
Amandiyang'ana m'manja. Manyazi andigwira, ndazimitsa jeradori batire isanadzaze. Ndiyatsanso mawa akabalalika.

Lachisanu
Sanabalalike. Miyala yakhota mpaka kuseri kwa tchalitchi. Akuti ndili ndi shuga, ena akuti sopo. Azimayi awiri agwirana m'tsitsi chifukwa wina wasuntha mwala wa mnzake.
Mai Filomena, amene m'nyumba muno akumudziwa mpaka m'mphika, nawonso aika wawo. "Ndikudziwa mulibe, achimwene. Koma chikapezeka, ine ndekha ndikhale wopanda mwala?"
Ndikugwira chopukusira injini, komandanti wafika. Wamva kulira kwa dzulo. Wandigwira chanza nthawi yaitali. "Kamarada enjenyero, dziko likuthokoza."
Jeradori yapita ku kwartela, kwa asilikali. Gazolyo nayenso, poti anali wawo kale. Wonyamula chigubu ndi sarjento. Jekete likumukhala bwino kuposa ine.

Loweruka
Batire ili ndi kamoto ka Lachinayi kokha. Ndalumikiza mawaya. Wailesi yayankhula.
Ndaitulutsa pakhonde chifukwa m'nyumba imapokosera. Anthu abwera osaitanidwa, aliyense wakhala pa mwala wake. Palibe wofunsa shuga. Kani tonse tili ndi wathu kutsidya.
Mauthenga a ku Ulongwe. A ku Domwe. Nyimbo yaitali yopanda ntchito. Kenako: "Uwu ukuchokera ku Dedza, ukupita ku Furancungo. Akuti tili moyo, mwana wachira, kwa bambo..."
Zii.
Ndagwedeza mawaya, ndanyambita, ndamenya batire. Palibe.
Mai Filomena: "Ameneyo ndi mlamu wanga." Gogo uja akuti ndi mpongozi wake. Mzere wonse wagawana uthenga umodzi, aliyense wapita kwawo akumwetulira.
Lurdes anachoka akutsokomola. Sindinauze munthu.

Lamulungu
Ku kwartela jeradori ikulira kuyambira m'mawa. Akuziziritsa mowa. Tsopano palibe wothawa, palibe wonyamula dengu.
Ndikanaisiya Lachinayi ilire pang'ono pokha, dzina likanatuluka. Ndinaphunzira zaka zonse zija kuti ndidzachite manyazi ndi gogo wa dengu.
Miyala ikadali pakhomo, eni ake akuti isachotsedwe. Ndatola wanga kumunda, wofiira, wa nthaka yabwino ya fodya. Zimenezo ndiye ndimazidziwa.
Ndauika kumapeto, kuseri kwa tchalitchi.