Mbiya za Mzungu wa ku Jojiya

Nzeru yonseyi inabadwira m'shabini ina ku Seraleng, pa botolo lachinayi, pamene munthu aliyense amasanduka katswiri. Unali mwezi wa Juni 2010, Joni yense ali pakalapakala ndi mpira wa dziko lonse.

Mwini nzeruyo anali Maxon, tchona wa ku Ntcheu, amene ankakonda kutchedwa Shifitibasi, ndiye kuti kapitawo wa mu mgodi, ngakhale moyo wake wonse wa mu mgodi unathera pa fosholo. Mwana wake wamkazi ankakwatiwa mu Disembala, ndipo Maxon anali atalengeza kale pa foni kuti adzafika kumudzi pa galimoto yakeyake. Galimotoyo inali isanabadwe.

"Tabwereza, Sipanala," anatero Maxon.

Phillip, amene dzina la Sipanala analipeza chifukwa chomasula zinthu za eni, anali atakatula manyowa pa famu ina kuseri kwa mapiri.

"Mwini wake ndi madala Otari, mzungu wa ku dziko lotchedwa Jojiya. Kale anali injiniya pa mgodi. M'shedi mwake anakwirira zimbiya mpaka m'khosi, zoti munthu n'kulowamo. Pakamwa anamata ndi dothi. M'mawa amakazisisita n'kumazilankhula ngati ana. Akuti muli vinyo."

"Vinyo!" Maxon anaseka mpaka kutsokomola. "Unaonapo mzungu akukwirira mowa ngati maliro? Injiniya wa pa mgodi, dzenje, chinsinsi. Mafana, mmenemo muli pulatinamu, mwala wodula kuposa golide!"

Patrick, wotchedwa Giyabokosi chifukwa cha kabaki kake, kagalimoto konyamula katundu kolira mokankha, anavomera ndi mutu. Iye ankavomera chilichonse bola wina akugula.

"Lamulungu amalandira alendo odzaona kapangidwe ka vinyo," Maxon anapitiriza. "Tipita ngati masapota a Ghana. Tizilankhula Chichewa, iye aziyesa Chigana. Timuledzeretsa, akagwa, titsegula mbiya. Nkhalamba ingatipose ife pa mowa? Aikona!"

Lamulungu masana anafika atavala malaya achikasu ogula ku Zinniaville. Otari, kamdala kakafupi ka ndevu zoyera, anawakumbatira mmodzimmodzi ngati abale otayika.

"Kwathu mlendo amachokera kwa Mulungu!" anatero m'Chingerezi chake chopunduka.

"Lero wachokera kwina," Sipanala ananong'ona.

Anawaonetsa munda wa mpesa. Anawalowetsa m'shedi, nafotokoza kuti mphesa amaziponda, n'kuthira zonse m'mbiya, makoko ndi njere zomwe, kenako dothi limagwira ntchito miyezi ingapo. Mbiyazo anaziitanitsa pa sitima ya pamadzi kuchokera kwawo. Maxon ankangogwedeza mutu, maso ali pa mbiya ya pakona, yovundikira ndi mwala wokha.

"Iyo ndiye banki," anauza anzake mokweza. "Mdalayu bodza amalitha."

Mayi wina wovala mpango wakuda, amene ankayala mbale pa tebulo, anaima pang'ono, kenako anapitiriza ntchito yake. Palibe anamulabadira.

Pa tebulo panali nyama, tchizi ndi buledi wotentha. Otari anatulutsa nyanga ya ng'ombe, naidzaza vinyo.

"Kwathu sitimwa chimweremwere. Timayamba talankhula. Ndipo nyanga ilibe matako, siikhala pansi isanaume."

Anamwera mtendere. Anamwera Ghana. Anamwera amayi onse a pa dziko lapansi. Nthawi iliyonse mdala ankagugudiza, n'kupukuta ndevu, maso ali gwa, ngati wamwa thobwa. Pa nyanga yachisanu Giyabokosi anapita kukaona ngati kabaki kali bwino, ndipo anagona pansi pake. Kenako Otari anaimirira, mawu ake atatsika.

"Iyi timwere onse amene ali kutali ndi kwawo, amene ana awo anakula osawaona."

Maxon anafuna kuseka, koma sanathe. Anakumbukira kamtsikana kamene anakasiya kakukwawa, lero kakukwatiwa. Misozi inagwera m'nyanga, naimwa pamodzi ndi vinyo.

"Shifitibasi, mukulira?" anafunsa Sipanala.

"Ndi tsabola. Mugwire mdalayu, ine ndikukagwira ntchito."

Anadzandira mpaka m'shedi. Anakankha mwala uja, nasuzumira. Pansi penipeni panali kanthu konyezimira. Analowetsa miyendo, chiuno chinadutsa movutikira, koma mimba, imene anaisamala zaka zambiri ndi mowa wa penshoni, inafika pakhosi pa mbiya n'kukana. Pansi ayi, pamwamba ayi. Miyendo inkapalasa m'mwamba mopanda popondapo.

Kunja Sipanala anali atalandira nyanga, ndipo inali nthawi yake yolankhula. Vinyo anamupatsa chikondi chachikulu.

"Madala, ndinu munthu wabwino," anatero m'Chichewa, dzanja lili pamtima. "Pulatinamu wanu tikuba, inde, koma tikusiyirani mbiya imodzi. Mulungu akudalitseni!"

Otari anawomba m'manja. "Chigana n'chokoma! Adija, wati chiyani kaya?"

Adija, mayi wa mpango uja, anamasulira zonse, osasiyako ngakhale madalitso. Kenako anatembenukira kwa Sipanala.

"Achimwene, Ghana yake ndi iti? Ine kwathu ndi ku Mangochi."

Otari anaitana apolisi. Atafika anapeza mmodzi akuliza mkonono pansi pa galimoto, wina akupepesa mtengo wa mpesa, ndipo wachitatu atamera m'shedi ngati bowa.

"Tiswe mbiyayi," anatero sajeni.

"Muswe wakubayo!" Otari anakuwa. "Akuba mungawapeze paliponse. Mbiya iyi ku Joni kuno kulibe!"

Adija anabweretsa mafuta ophikira. Anamudzoza Maxon pamimba ponse, ndipo apolisi awiri anamugwira mikono. Anakoka, anakokanso, mpaka phu! Shifitibasi anatuluka, koma buluku ndi nsapato zinatsalira m'mbiya. Otari anaunikamo ndi tochi, naseka mpaka kukhala pansi. Chonyezimira chija chinali chikho cha chitsulo chotungira vinyo, chimene chinagweramo potsuka.

Anamukulunga Maxon nsalu ya pa tebulo n'kupita naye ku galimoto ya apolisi, mafuta akuchucha m'miyendo. Adija ankamuyang'anitsitsa.

"Dikirani. Si inu a Maxon a ku Ntcheu? Mphwanga anakwatiwa m'mudzi mwanu. Akuti mudzi wonse ukulambula msewu kuti galimoto yanu idzadutse bwino."

"Chemwali," Maxon anachonderera, atagwira nsalu ndi manja onse, "zapanozi zithere pompano."

"Musadandaule, bambo," anatero Adija, foni ili kale m'manja. "Ndingowauza kuti ndakuonani ndi maso anga mutakwera galimoto, ndipo wokuyendetsani ndi wa yunifolomu."