Kampira Kofuna Munthu Atseke Pakamwa

A Sitolo Kachapila, Tcheyamani Wamuyaya wa Akabaza a Kumtunda ndi Kumunsi, ndiwo anagoneka njinga ya Zuze pa mudzi wina wa zitunda zambiri ndi mijigo yochepa.

Zuzeyo anatopa ndi kuimika njinga kuti amwe madzi, kasitomala akung'ung'udza kumbuyo. Tsono anatsuka chubu chakale, kuthiramo madzi, n'kuchikoleka paphewa. Analumikiza kapaipi kofika pakamwa, kunsonga kwake n'kuvekako kampira kocheka pang'ono ndi lezala. Ukakaluma, madzi ankabwera. Ukakasiya, kankatseka kokha. Zuze anakondwa, kuiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Kachapila atamva, anati cha Tcheyamani chikhale chachikulu ndiponso chatsopano. Anasolola machubu onse awiri a njinga ya Zuze, amvekere abweza ena mlendo wa kuboma amene ankayembekezeka sabata imeneyo akangochoka.

Zuze atawakonzera chawocho, a Kachapila poyesa anaika kampirako pamlomo uku akufotokozera komiti mbiri yawo. Sipanatuluke ndi dontho lomwe.

"Iwe Zuze, chinthu chakochi n'chamwano. Sichikundidziwa?"

"Tsekani kaye pakamwa, bwana, mulume."

Chisankhidwireni, panalibe anawauzapo mawu amenewo, ngakhale akazi awo.

"Ndikatseka pakamwa, anthuwa atsogoleredwa ndi ndani?"

Komiti inagamula kuti cholakwa ndi kampira. Mlembi Wamkulu wa Zokonzakonza anatenga lezala n'kukakuza chibowo, kuti madzi azituluka mtsogoleri asanadule mawu.

Mlendo atabwera, a Kachapila anakoleka machubu aja pamwamba pa jekete n'kuyamba malonje. Madzi anayambanso nawo. Anatsika pa tayi, kulowa m'malaya, kudutsa lamba mpaka kukadzaza nsapato. Iwo osaleka. Pofika pa "pomaliza" wachitatu, machubu anali atauma gwa, kukhosi kwawonso gwa.

"Kodi a Tcheyamani, chimenechi n'chiyani?" anafunsa mlendo, akusendeza mpando.

"Ndi bafa loyenda nalo, bwana. Ndapanga ndekha, pofuna kulimbikitsa ukhondo."

Anthu anawomba m'manja. A Kachapila analandira chikho cha Katswiri wa Luso la Makono. Lero wakabaza aliyense kumeneko amakwera chitunda atanyowa thupi lonse, ludzu lili pomwepo. Kampira ka Zuze anakaletsa, ati kamaphunzitsa anthu kutontholetsa akuluakulu.

Mlendo anapita kalekale. Njinga ya Zuze idakali chagada pakhonde, ndipo machubu aja a Kachapila sanabweze.