A Overtoun Sankakhotera Kumanja

Mu Mzuzu muno ndani sankadziwa kuti a Overtoun Nyirenda, mkulu wa kabaza uja, sankakhotera kumanja? Olo muwalonjeze mbuzi! Akuti ali mnyamata anayesako, n'kudzidzimukira m'chipatala lole itawapsompsona. Kuyambira pamenepo njinga yawo inkangodziwa kumanzere basi.

Amene anavutika nazo kwambiri ndi mayi Selina, ogulitsa nthochi mumsika, omwe ankakwera njingayo m'mawa uliwonse kuchokera ku Mchengautuwa. Pofunika kukhotera kumanja, a Overtoun ankapitirira, n'kumakalowa tinjira takumanzere mpaka atazungulira tauni yonse.

"Adada, msikatu tausiya kumbuyo!"

"Khalani phee, mama. Tiupeza kutsogolo."

Nthochi zinkachita kupsera panjira. Chinkawapulumutsa mkuluyu ndi maraundabauti a m'tauni: kulowa chakumanzere, kutulukanso chakumanzere. Tsiku lina Selina anawatola: "Nanga pozungulirapa, si kumanja kumeneku?"

"Iyayi! Apa ukukhota ndi msewu, osati ine."

Ndiye kunabwera nkhani yoti akuluakulu a mzinda akuganiza zochotsa maraundabauti ena n'kuikapo maloboti. Ena anakondwa, koma a Overtoun chakudya chinawakanika. Popanda pozungulira, kabaza wawathera, ndipo adzukulu awo ankadya za njinga yomweyo. Ku msonkhano wofotokoza mapulaniwo a Overtoun anaimika dzanja, lamanzere.

"Bwana, loboti yanuyo ikati kumanja, ine n'kukana, mundimanga?"

Holo yonse inafa ndi kuseka. Injiniya anapukuta misozi nati, "Mungophunzira, adada."

Selina anawamvera chisoni. Loweruka anawakokera pabwalo la mpira, naima chakumanja atanyamula mkoko wa nthochi.

"Bwerani kuno! Kuno, adada!"

Anabwera mkulu uja thukuta lili kamukamu, akupemphera m'Chitumbuka, koma njinga inakathera mu golo lakumanzere. Anayesanso, n'kukalowa m'munda wa eni. Anthu anadzaza bwalo ngati kuli fainolo. Kenaka a Overtoun anatsinzina, nakukuta mano, napinda chiwongolero. Khuu! Selina pansi, nthochi balala.

"Ndakhota! Yewo chomene, Chiuta wane, ndakhota!"

Selina analuluta ali chigonere pafumbi. Sabata imeneyo a Overtoun ankauza aliyense, ngakhale apolisi apamsewu, kuti tsiku loyatsa maloboti adzakhala oyamba pamzere, ndipo anasoketsa malaya atsopano.

Malayawo anawavala m'bokosi. Chifuwa cha m'nyengo yozizira chinawatenga ntchito ya msewu isanayambe n'komwe, ndipo anzawo a kabaza anawaperekeza akukankha njinga, osakwera.

Masiku ano Selina amakwera njinga yamoto. Imangoti vuu, afika. Amayala nthochi anzawo asanabwere, n'kukhala duu, opanda womukalipira. Amawasowa a Overtoun, ndipo sabisa.

"Ndimafika msanga, inde," amatero akuyang'ana kumsewu. "Koma Mzuzu ndinasiya kumuona."