Nkhuku Yovala Sokosi Lofiira

Mpaka lero ndikafika pa mjigo, azimayi ena amatsitsa mawu n'kukokera ana awo pafupi. Sindinabe, sindinamenye munthu. Ndinangomvera chisoni nkhuku zanga nthawi yozizira, ndipo chisoni chimenecho chinatsala pang'ono kundisamutsa pamudzi.

Ndimagwira ntchito yochapa pa loji ina ya alendo odzaona nyama kuno ku Kakumbi. Chaka chimenecho mu Juni kunazizira modabwitsa. Inu a kumtunda mukhoza kuseka, poti kuchigwa kuno timadziwika ndi kutentha, koma m'mawa madzi a m'ndowa ankaluma zala. Kuseri kwa nyumba ndinali ndi nkhuku zingapo. Ndikatsegula khola ndinkazipeza zitaunjikana pangodya, nthenga zitafufuma, ina itaima ndi mwendo umodzi winawo itaubisa m'mimba. Mazira nawo anachepa. Yomwe inkandidula mtima inali thadzi lakuda la mtundu wa kameta, zija zopanda nthenga m'khosi. Khosi lake linali pamtetete ngati la mwana wamasiye.

Pa lojipo panali mlendo, mayi wachikulire wochokera kudziko kumene kumagwa chipale chofewa, madzi oundana aja ogwa ngati ufa. Anandipeza ndikuyanika nsalu, ndipo nditatchula za nkhuku anatulutsa foni. Anandionetsa nkhuku zake zitaima pakhomo la khola, zikukana kuponda bwalo loyera mbuu. Kenako anandionetsa ina itavala kajuzi koluka. Analankhula zambiri akuseka, koma Chizungu changa n'cha sopo ndi simbi. Ndinagwirapo ziwiri zokha: juzi, ndi mafuta odzola opaka pa kanyama kofiira ka pamutu kuti kasapse ndi chisanu. (Pambuyo pake mnzanga woperekera zakudya anandiuza kuti mayiyo ankati juziyo inali yongojambulitsira, nkhuku siifuna n'komwe. Mbali imeneyo inandidutsa.)

Apa ndikuuzeni za anansi anga. A Zulu ndi sikauti woteteza nyama, ndipo akazi awo timawaitana Amake Chisomo. Sabata yomweyo mbuzi yawo inalowa m'kadimba kanga n'kumaliza repu yense. Tinakangana pampanda, ndipo ine ndi mkwiyo ndinatulutsa mawu amene munthu wanzeru satulutsa pamudzi. Ndinati, "Muona." Ndinkatanthauza kuti ikadzabweranso ndidzaimangirira pamtengo. Mawa lake a Zulu anabwera kuchokera kutchire akunjenjemera, n'kugona pamphasa ali wodwala kwambiri.

Tsiku langa lopuma litafika, amuna anga analawirira pa njinga kukaona ngati njovu zinalowa m'munda. Ine ndinatsegula sutikesi yawo n'kutulutsa masokosi awo onse a mpira, aatali, ofiira psuu. Ndinadula kuzala, ndinaboola mabowo a mapiko, n'kuyamba kuveka nkhuku. Iliyonse ndinaipakanso mafuta pamutu mpaka kunyezimira.

Yoyamba nditaiika pansi inangouma ngati chitsa. Yachiwiri inagwa chammbali miyendo m'mwamba. Tambala ataona akazi ake analira mawu amene sindinawamvepo, n'kuuluka kudumpha mpanda. Kameta yekha ndiye anayenda, koma chafutambuyo, kuyesa kusolola khosi m'sokosimo. Munthu wina akanaima pomwepo n'kudzifunsa. Ine ndinati, "Muzolowera, nsapato zatsopano nazo zimaluma," ndipo ndinanyamula ndowa kupita ku mjigo.

Pamzere panali anthu ambiri, ndinachedwako. Pobwerera ndinamva nyimbo ya mapemphero, ndipo nditakhota pa mtengo wa mango ndinaona khamu la anthu pabwalo la a Zulu. Ndinati bamboyo watisiya. Ndinatula ndowa panjira n'kuthamanga, ndikukankha anthu kuti ndikafike kwa mnzanga Amake Chisomo, mkangano wa mbuzi nditauiwala.

Pakhomo la nyumbayo panali kameta wanga. Wakuda bii, atavala zofiira kuyambira m'khosi mpaka pachifuwa, mutu ukung'anima padzuwa, akuzungulira chafutambuyo. Wina anali atawaza mchere mozungulira. A Banda, mkulu wa mpingo wathu, ankapemphera atatambasula dzanja, koma ataima patali ndithu.

"Yalowa chambuyo," mayi wina anandinong'oneza. "Mpaka pamphasa ya wodwala. Yatumidwa imeneyi."

Pakamwa panga panatseguka pokha. "Imeneyo ndi nkhuku yanga."

Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Anthu amene anali pafupi nane anasuntha, ndipo ndinapezeka ndaima ndekha pakati pa bwalo.

Amake Chisomo anatuluka m'khamumo maso atatupa. Sanakuwe, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa kwambiri.

"Munati tiona, Amake Daliso. Taona. Koma inadya ndiwo zanu ndi mbuzi. Amuna anga anakulakwirani chiyani?"

Apo m'pamene ndinalumikiza zonse: mawu anga pampanda, matenda a a Zulu, nkhuku yakuda, nsalu yofiira. Ndikanakhala m'khamumo, nanenso ndikanadziloza chala.

"Mayi," anatero a Banda modekha, "nsalu yofiirayi ndi yachiyani?"

"Ndi juzi, abambo."

"Juzi."

"Eya. Imamva kuzizira."

"Nanga chonyezimira pamutuchi?"

"Mafuta odzola. Kuti chipale chofewa chisaipweteke."

A Banda anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ngakhale kamtambo. "Chipale chofewa chagwa liti ku Kakumbi?"

Nthawi yomweyo amuna anga anatulukira akukankha njinga. Ndinati mpulumutsi wafika. Anaiyang'ana nkhukuyo nthawi yaitali, kenako anati, "Limenelo ndi sokosi langa."

"Ndiye kuti akudziwa nawo," wina anatero kumbuyo.

Ndinagwada pansi. Ndinawapempha kuti asanandiweruze apite kaye akaone kukhola kwanga. Anavomera, ndipo tinayenda ngati mwambo wa maliro, ine patsogolo, a Banda pambuyo panga, ena onse patali. Dzuwa linali litakwera, ndipo mukudziwa kuti kuno ngakhale mu Juni likakwera silichita nthabwala. Nkhuku zanga zinali gone pafumbi, zonse mu zofiira, milomo yasa, zikupuma mwawefuwefu. Imodzi, yomwe inkaikira kwambiri, sinkapumanso. Inali itakodwa mwendo m'bowo la phiko n'kufera padzuwa.

Ndinathamangira sizasi n'kuyamba kudula masokosiwo, amuna anga akuyang'ana kumbali. Zotsalazo zitamasuka zinadzikung'untha n'kuthamangira kumadzi.

Kenako kumbuyo kwathu kunamveka chifuwa. A Zulu anali atadzikoka kuchoka pamphasa, atafunda bulangete, atatsamira mpanda. Poyamba ndinayesa akulira. Ankaseka.

"Ndalondola njovu, ndalondola mikango," anatero akupuma movutikira, "koma timu ya mpira ya nkhuku ndaiona lero." Anatembenukira kwa akazi awo. "Amake mwana, kukiliniki anandipima dzulo, si paja anati malungo? Mapilitsi si awo ndikumwa? Amene wandilodza ine si munthu, ndi udzudzu wa kumtsinje."

Anthu ena anaseka, ena ayi. A Banda anati kuti mitima ikhale pansi, ndipepese chifukwa cha mawu anga aja, ndipo nkhuku yomwe inalowa m'nyumba ya eni isabwererenso kwanga. Ndinapepesa ndi mtima wonse. Kameta wanga anaphedwa masana omwewo kuti wodwala amweko msuzi. Amake Chisomo anaphika koma sanalawe, ndipo sokosi analibweza atalinyamula ndi kamtengo. Amuna anga anasewera mpira wa Loweruka ndi miyendo yosavala, ndipo sanandilankhule mpaka Lamulungu litadutsa.

Nkhuku zotsalazo ndinazichitira zimene amayi anga ankachita kalekale: ndinatseka mipata ya khola ndi udzu kumbali yochokera mphepo, ndinayala mankhusu ouma pansi, n'kuzisiya ziziunjikana momwe zifunira. Palibe inafa ndi chisanu.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma a Zulu anachira msanga, ndipo pamudzi anthu saona mapilitsi, amaona nkhuku. Patapita masabata angapo, ndikusesa pabwalo, panafika mayi wina wa kutsidya yemwe sindinkamudziwa. Anandipatsa moni wa mwaswera bwanji, anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunyulula chitenje. M'menemo munali thadzi lakuda ndi sokosi lofiira latsopano.

"Amuna anga akudwala," ananong'ona. "Ndamva kuti mumadziwa kavekedwe kake."

Ndinamuperekeza ndekha mpaka pakhomo la kiliniki, ndikumufotokozera njira yonse kuti ine ndine wochapa chabe. Ankangogwedeza mutu mwaulemu. Polekana anandigwira dzanja n'kunena kuti akumvetsa, zinthu zoterezi munthu savomera masana.